Musanatenge wosewera basketball wochokera ku koleji ina: mmene mungawerengere mtengo ndi zoopsa zake

Kochi wa timu ya basketball ya pakoleji akagonja masewero angapo motsatizana, sachedwa kuganiza kuti mavuto ake onse angathe atangopeza munthu mmodzi wamtali, wodziwa kale mpira, wochokera ku koleji ina. Kuno ku chigawo cha Kum'mawa kwa Zambia maganizo amenewa ali ndi pogwira, chifukwa achinyamata ambiri amene amamaliza Giredi 12 ku masukulu monga Chizongwe, St. Monica's kapena Chassa amapita kukapitiriza maphunziro ku Lusaka ndi ku Copperbelt, ndipo amene ali ndi luso la mpirawu amakopeka ndi matimu odziwika ngati UNZA Pacers ndi Matero Magic. Motero kochi wa ku Chipata akamva kuti mnyamata wina wa kwathu kuno sakukondwa kumene ali ndipo akufuna kubwerera, mtima wake umadumpha. Malangizo awa ndi a kochi woteroyo, pamodzi ndi aphunzitsi oyang'anira zamasewero ndi akuluakulu a koleji amene amasayinira ndalama. Mfundo yake ndi yakuti mtengo wa wosewera wosamuka suthera pa zimene mwamulonjeza pakamwa: muyenera kuphatikiza zonse zimene mudzawononge, kuzigawa ndi masewero amene adzasewereredi, kenako kuonjezapo zimene mudzataye mwa osewera amene muli nawo kale.

Kumene nkhaniyi yafika patali kwambiri ndi ku America, ndipo popeza zochitika za kumeneko zimalembedwa poyera, tingaphunzirepo popanda kulipira mtengo umene iwo alipira. Mu Okutobala 2018 bungwe la NCAA, loyendetsa masewero a m'makoleji, linakhazikitsa kaundula wa pa intaneti wotchedwa transfer portal, mmene wosewera wofuna kusamuka amalembedwa dzina kuti makoleji ena athe kulankhula naye. Kale wosewera basketball wa mu Division I, gulu lapamwamba la makoleji a pansi pa NCAA, akasamuka ankayenera kukhala chaka chathunthu osasewera, koma mu Epulo 2021 lamulolo linafewetsedwa kuti kusamuka koyamba kusakhale ndi chilango chimenecho. Pa 1 Julayi chaka chomwecho osewera analoledwa kupeza ndalama kudzera m'mayina ndi zithunzi zawo potsatsa malonda, zimene kumeneko amazitcha NIL. Mu Epulo 2024, khoti la ku West Virginia litaimitsa lamulo loletsa kusamuka kawiri, NCAA inalola wosewera kusamuka kangapo konse malinga ngati maphunziro ake ali bwino. Kenako mu Juni 2025 woweruza Claudia Wilken anavomereza mgwirizano wothetsa mlandu wa House, umene osewera anasumira NCAA pa nkhani ya ndalama, ndipo mgwirizanowo unalola koleji iliyonse kugawira osewera ake ndalama zofika pafupifupi madola 20.5 miliyoni pa chaka choyamba. M'zaka zisanu ndi ziwiri zokha, kutenga wosewera wosamuka kunasanduka msika weniweni. Ndalama zathu ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimenezo, koma misampha yake ndi yomweyo, ndipo kwa timu ya bajeti yaing'ono kulakwitsa kumodzi kumapweteka koposa.

Yambani ndi chosowa, osati ndi dzina

Musanaimbire foni munthu aliyense, khalani pansi ndi wothandizira wanu mulembe chimene timu ikusowa, m'mawu ochepa amene aliyense angawamve. Mwina mukugonja chifukwa adani akaponya n'kuphonya amatolanso mpira kawiri katatu pansi pa ring'i yanu. Mwina mulibe woyendetsa mpira amene angaudutsitse pakati pa bwalo adani akakupanikizani. Zosowa ziwirizi zimafuna anthu awiri osiyana, ndipo palibe chimodzi mwa izo chimene chimathetsedwa ndi wosewera amene ankamwetsa mapointi ambiri ku timu yake yakale chifukwa choti mpira uliwonse unkadzera mwa iye. Mukayamba ndi dzina la munthu, mudzapeza zifukwa zomufunira ngakhale pamene malo ake palibe.

Mapepala atsogole

Gawo limene makochi ambiri amalidumpha, chifukwa mulibe chisangalalo cha mpira, ndilo limene limagwetsa anthu kwambiri. Wosewera wa pakoleji ndi wophunzira choyamba, ndipo ngati koleji yanu singamulembe m'kaundula wa ophunzira, kapena ikamulemba koma n'kumubweza m'mbuyo chaka chimodzi kapena ziwiri, zonse zimene mwakonza pabwalo zagwa. Choncho pemphani mnyamatayo kapena mtsikanayo akutumizireni satifiketi yake ya Giredi 12 yochokera ku Examinations Council of Zambia, transcript (pepala loonetsa makosi ndi magiredi ake) ya koleji imene akuchokera, ndi mapepala ofotokoza zimene anaphunzira mu kosi iliyonse. Mapepala amenewa musawaweruze nokha; atengeni mupite nawo ku ofesi ya a registrar ndi kwa mkulu wa dipatimenti imene adzalowe.

Zimene zimachitika pa desiki imeneyo n'zofunika kuziona ndi maso. Mkulu wa dipatimenti amaika pepala la koleji inayo kumanzere, la koleji yanu kumanja, n'kumatsika ndi cholembera mzere ndi mzere. Kosi ina ili ndi dzina lofanana ndi yanu koma maola ake ndi ochepa, ndiye amaikapo mtanda. Ina anaiphunzira m'chaka chachiwiri pamene kwanu imaphunzitsidwa m'chaka choyamba, ndipo nthawi yake ikugundana ndi kosi ina yofunika. Ina anakhoza koma ndi giredi yotsika imene malamulo anu saivomereza kuti isamutsidwe. Pofika pansi pa pepala, munthu amene mumamuyesa wa chaka chachitatu wasanduka wa chaka chachiwiri, ndipo chaka choonjezeracho chili ndi fizi yake, chakudya chake ndi malo ake ogona. Funso loti adzalipira ndani liyenera kuyankhidwa tsiku lomwelo, asanakwere basi.

Pali zina ziwiri zoti mufunse pa nthawi yomweyi. Choyamba, ngati ali ndi ngongole ya fizi kumene akuchokera, chifukwa makoleji ambiri sapereka transcript kwa wophunzira amene sanamalize kulipira, ndipo mungadzapezeke mukulipira ngongole ya koleji ina kuti mapepala atuluke. Chachiwiri, ngati akuphunzira pa loni ya boma ya Higher Education Loans and Scholarships Board, alembere bungwelo kalata ndi kulandira yankho lolembedwa asanasamuke, popeza thandizolo linaperekedwa pa maphunziro ndi sukulu imene analembetsa. Kumuchotsa wachinyamata pa loni n'kumuika pa lonjezo la kochi ndi chinthu chimene makolo ake sadzakukhululukirani chikalephereka.

Ku America nkhani ya maphunziroyi inaikidwa m'malamulo: pofika mu 2025, wosewera wa mu Division I anali ndi zaka zisanu zoti asewere masizoni anayi, ndipo ankayenera kukhala atamaliza magawo 40 pa 100 a digiri yake polowa chaka chachitatu, magawo 60 polowa chachinayi, ndi 80 polowa chachisanu. Makosi amene atayika posamuka angamuchititse kulephera kufika pa milingo imeneyi, n'kukhala pa benchi atavala zovala za kunyumba. Mipikisano yathu ili ndi malamulo akeake okhudza amene ali woyenera kusewera, nthawi yolembetsa osewera, ndi chilolezo chochokera ku timu yakale. Pezani malamulowo olembedwa kwa oyendetsa mpikisano umene mukulowa, kaya ndi wa makoleji kaya ndi ligi ya pansi pa Zambia Basketball Federation, muwawerenge nokha, chifukwa timu imene yaseweretsa munthu wosayenera imalandidwa mapointi amene inawakhetsera thukuta.

Kuwerengetsa ndalama

Mapepala akakhala bwino, tengani pepala lina mulembe zonse zimene koleji kapena othandiza timu adzalipire kuyambira tsiku limene afike mpaka tsiku limene adzamalize maphunziro, osati sizoni imodzi yokha. Mulembe fizi kapena gawo la fizi limene mwamuchotsera, malo ogona ku hositelo kapena m'nyumba ya lendi, chakudya, ndalama yolembetsera ku ligi, yunifomu, ndi nsapato, zimene pa mabwalo athu a simenti zimatha msanga ndipo za munthu wa phazi lalikulu sizipezeka wamba m'mashopu a m'tauni. Mulembe maulendo a patchuthi: kuchokera ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 570 pa msewu wa Great East, ndipo ngati kwawo ndi ku Kitwe kapena ku Livingstone pali basi yachiwiri. Mulembenso maulendo osayembekezereka a maliro ndi matenda a kwawo, chifukwa mwana wa eni amene munamuitana nokha akadzakuuzani kuti agogo ake atisiya, simudzatha kumuuza kuti mu bajeti munalibe mzere umenewo.

Mukapeza chiwerengero chonse, chigaweni ndi masizoni amene munthuyo angasewere. Apa m'pamene zinthu zimaoneka bwino. Tiyerekeze kuti wosewera wina watsala ndi sizoni imodzi yokha yosewera koma, chifukwa cha makosi otayika, adzafunika zaka ziwiri kuti amalize maphunziro: mukulipira zaka ziwiri kuti mupeze sizoni imodzi, ndipo theka loyamba la sizoni imeneyo adzakhala akuphunzira kaseweredwe kanu ndi mayina a anzake. Wina wa luso locheperako amene watsala ndi masizoni atatu angakhale wotsika mtengo kwambiri mukawerengera motere. Ndipo pali wachitatu woti mumuike pa sikelo yomweyo, amene ndi mwana womaliza kumene sekondale ku Katete, ku Petauke kapena ku Lundazi, amene ndalama yomweyo ikanamuphunzitsa kuyambira chaka choyamba mpaka kumaliza.

Ku America, kuyambira 2022, koleji ya mu Division I imene yapereka sikolashipi kwa wosewera wosamuka imakakamizika kumusungira thandizolo mpaka atamaliza digiri kapena nthawi yake yosewera itatha, pokhapokha atasamukanso kapena atayamba kusewera mpira wolipidwa. Ngakhale lamulo lotere litakhala kuti silikukumangani, ndi bwino kuwerengera ngati likukumangani, chifukwa koleji imene imataya osewera akavulala kapena akasiya kusewera bwino mbiri yake imafika m'masukulu onse a m'chigawo, ndipo aphunzitsi a zamasewero amasiya kukulozerani ana awo.

Kuti ndalama zambiri sizigula chipambano, zitsanzo zake n'zosasowa. Mu 2024 atolankhani a ku America analemba kuti Great Osobor, posamuka ku koleji ya Utah State kupita ku ya Washington, komanso Coleman Hawkins, posamuka ku Illinois kupita ku Kansas State, aliyense analonjezedwa ndalama pafupifupi madola 2 miliyoni. Washington inamaliza pansi penipeni pa ligi ya Big Ten, ndipo Kansas State inapambana masewero 16 n'kugonja 17, osalowa nawo mpikisano waukulu wa NCAA wa mu Malichi, wolimbirana chikho cha dziko lonse. Anyamata awiriwa sanali osewera oipa. Vuto linali lakuti mtengo wawo unachititsa aliyense kuyembekezera kuti munthu mmodzi anyamula timu yonse. Ngakhale kusamuka kumene kunayenda bwino koposa kuli ndi malire ake. Oscar Tshiebwe, wobadwira ku Lubumbashi, anachoka ku West Virginia kupita ku Kentucky kumayambiriro kwa 2021, ndipo mu sizoni ya 2021 mpaka 2022 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'makoleji a dzikolo, akumatola ma rebound, ndiyo mipira yophonya ring'i, oposa 15 pa sewero. Komabe mu Malichi 2022 Kentucky inatulutsidwa mu ndime yoyamba yeniyeni ya mpikisano waukulu uja ndi koleji yaing'ono ya Saint Peter's, pa sewero limene iye yekha anamwetsa mapointi 30.

Chifukwa chimene akuchokera

Munthu aliyense wosamuka ali ndi nkhani imene amakuuzani, ndipo kawirikawiri imakhala yoona koma yosakwanira. Zifukwa zina n'zomveka ndipo sizikuopsezani: fizi yamukulira, amayi ake akudwala kuno kumudzi, kosi imene ankafuna ili kwanu, kapena kutsogolo kwake kuli wosewera wina wabwino koposa amene sangamuchotse. Zifukwa zina zimayenda naye m'chikwama: kujomba ku maphunziro olimbitsa thupi, kulephera mayeso, mowa, kukangana ndi kochi aliyense amene wamuuza kuti atchinge kumbuyo. Kuti musiyanitse, lankhulani ndi anthu osachepera atatu amene sanasankhidwe ndi iye, monga kochi amene akumusiya, mphunzitsi wake wa zamasewero wa ku sekondale, ndi wina amene anasewera naye kapena woimbira masewero amene anamuonapo atakwiya. Kochi amene akumusiya angakhale ndi mkwiyo, choncho musamufunse ngati mnyamatayo ndi wabwino, mufunseni zinthu zowerengeka, monga, "Akochi, pa temu yathayi anajomba kangati, ndipo mutamutulutsa m'bwalo pa sewero lovuta anachita chiyani?" Mayankho a mafunso otere ndi ovuta kuwakometsera kapena kuwaipitsa.

Musadalire timavidiyo tatifupi ta pa WhatsApp ndi Facebook, chifukwa timaonetsa mipira imene inalowa yokha. Pezani vidiyo ya sewero lathunthu, makamaka limene timu yake inagonja, kapena pitani mukamuone nokha, ndipo maso anu akhale pa iye pamene mpira suli m'manja mwake. Onani ngati amathamangira kumbuyo mpira ukalandidwa kapena amaima n'kumatambasulira manja woimbira. Onani ngati amalankhula ndi anzake potchinga. Onani nkhope yake pa benchi pamene mnzake amene wamulowa m'malo wamwetsa. Kota yachinayi ya sewero limene latayika kale imaulula zambiri za khalidwe la munthu kuposa zonse zimene ejenti kapena malume ake angakuuzeni.

Za thupi n'zachidule koma musazidumphe. Mufunseni mwachindunji za mawondo, akakolo ndi msana, kenako apimidwe ndi dokotala kapena katswiri wa mafupa ndi minofu asanasayine chilichonse, ndipo mugwirizane amene adzalipire akavulala. Munthu amene wazolowera bwalo la matabwa la m'nyumba, akayamba kudumpha tsiku ndi tsiku pa simenti yotentha ya mu Okutobala, bondo limene linali chete limayamba kudandaula.

Amene muli nawo kale

Mtengo umene suoneka pa pepala lililonse, koma ndiwo waukulu, uli mwa osewera amene akhala nanu kuyambira chaka choyamba. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona kuti wobwera angaonetse anzake zinthu zimene sankazidziwa. Koma mphindi za sewero n'zowerengeka, 40 zokha pa malo aliwonse mwa malo asanu, ndipo mphindi iliyonse imene mwapatsa wobwera mwaichotsa kwa munthu amene wakhala akusesa madzi pa bwalo nyengo ya mvula kuti timu ichite maphunziro. Chimodzimodzi ndi ndalama. Musadzinamize kuti zimene mwalonjeza wobwera zidzakhala chinsinsi. M'hositelo zimadziwika sabata isanathe, ndipo kaputeni wanu amene bambo ake amagulitsa mtedza ndi soya kuti amulipirire fizi yonse adzafuna kudziwa chifukwa chake mlendo wachotseredwa theka.

Zimene zinachitika ku yunivesite ya Miami zikuonetsa mmene moto umenewu umayakira msanga. Mu Epulo 2022 zinalengezedwa poyera kuti Nijel Pack, amene ankasamuka kuchokera ku Kansas State, adzalandira madola 800,000 pa zaka ziwiri pamodzi ndi galimoto kuchokera ku kampani ya LifeWallet. Patangopita masiku ochepa, ejenti wa Isaiah Wong, wosewera amene anali atathandiza kale timuyo kufika patali chaka chomwecho, anauza atolankhani kuti Wong asamuka ngati ndalama zake sizikwezedwa. Wong anakhalabe, ndipo timuyo inafika mu Final Four ya 2023, ndime ya matimu anayi otsiriza pa mpikisano wa NCAA, koma zimenezi sizinakhalitse: sizoni yotsatira inagonja masewero ambiri kuposa amene inapambana, ndipo mu Disembala 2024 kochi wake, Jim Larrañaga, anatula pansi udindo akudandaula za mmene kusamuka ndi ndalama zasinthira ntchito yake. Miyezi iwiri m'mbuyomo Tony Bennett, amene anapambana chikho cha dziko lonse ndi Virginia mu 2019, anali atasiyanso pa zifukwa zofanana.

Chochita n'chakuti mulankhule ndi timu yanu mlendo asanafike, osati atafika. Yambani ndi wosewera amene mphindi zake zidzachepe, mukhale naye awiriwiri, mumuuze chosowa chimene munalemba poyamba paja ndi chifukwa chake mukuganiza kuti wobwerayo adzachikwaniritsa, ndipo mumuuzenso zimene iye ayenera kuchita kuti asunge malo ake. Kenako lankhulani ndi kaputeni. Ngati koleji ikupereka thandizo la fizi kwa osewera, pakhale ndondomeko imodzi yolembedwa yonena amene ali woyenera ndi pa zifukwa ziti, ndipo wobwera alowe pa ndondomeko yomweyo. Ngati simungathe kufotokoza pamaso pa timu yonse chifukwa chake iye akulandira zambiri, ndiye kuti mwamulonjeza zambiri. Ndipo musamulonjeze malo mu asanu oyamba. Mulonjezeni mwayi wolimbirana malowo, chifukwa lonjezo la malo limamuchititsa ulesi iye, n'kugwetsa mphwayi anzake onse.

M'maganizo anga, umboni wa ku America umalozera ku chinthu chimodzi chimene ambiri sachiona akamasirira matimu opambana ndi osamuka: amene anapindula kwambiri ndi amene anasunga osamukawo nthawi yaitali. Koleji ya Baylor itapambana chikho cha dziko lonse mu 2021, Davion Mitchell, MaCio Teague ndi Adam Flagler onse anali osamuka, koma aliyense anali atakhala chaka chathunthu akuchita maphunziro ndi timuyo osasewera, malinga ndi lamulo lakale lija. Tristen Newton anafika ku yunivesite ya Connecticut kuchokera ku East Carolina mu 2022 n'kupambana zikho ziwiri, cha 2023 ndi cha 2024. Florida itagonjetsa Houston 65 kwa 63 mu fainolo ya 2025, Walter Clayton Jr. anali m'chaka chake chachiwiri chichokereni ku Iona, ndipo Will Richard anali m'chaka chachitatu chichokereni ku Belmont. Kwa timu ya kuno tanthauzo lake ndi lakuti wosamuka mmodzi kapena awiri pa chaka, otsala ndi masizoni awiri kapena kuposerapo, olowa m'gulu limene likudziwana kale, ndi malire oyenera. Kusintha theka la timu chaka chilichonse ndi kuyambanso ntchito yomweyo chaka chilichonse.

Kalankhulidwe ndi mgwirizano

Musanyengerere wosewera wa timu ina mobisa. Ku America kulankhula ndi wosewera amene dzina lake silinalowe mu transfer portal ndi mlandu, ndipo nthawi yolowera m'kaundulayo ili ndi malire amene akhala akufupikitsidwa, kuchoka pa masiku 60 mu 2023, kufika pa 45 mu 2024 ndi 30 mu 2025. Kwathu kuno, ngakhale pamene lamulo silinena zambiri, makochi a basketball ndi ochepa ndipo amadziwana, kotero kuti amene mwamubera wosewera lero ndi yemwe mudzamupemphe sewero lokonzekera kapena malo ogona timu yanu ikadzapita ku Lusaka. Wosewerayo ayambe wauza kochi wake kuti akufuna kuchoka, kenako inu muimbire kochiyo, ndipo kalata yomumasula ikhale m'manja mwanu musanamulembetse.

Makolo kapena omulera akhalepo pokambirana, ngakhale wosewerayo atakhala kuti wakwanitsa zaka 18, ndipo ngati ndi mtsikana pakhalenso mphunzitsi wamkazi kapena matironi amene adzayang'anire za malo ake ogona. Zonse zimene mwagwirizana zilembedwe pa pepala la koleji, losayinidwa ndi munthu amene ali ndi mphamvu pa ndalama za koleji, osati kochi yekha, chifukwa makochi amasamutsidwa ndipo lonjezo lawo limapita nawo. Pepalalo linene zimene koleji idzalipire ndi mpaka liti, magiredi amene wosewera ayenera kusunga, zimene zidzachitike akavulala, akalephera mayeso, kapena akafuna kuchokanso pakati pa chaka. Ngati gawo lina la ndalama likuchokera kwa wamalonda wokonda timu, musaliike mu mgwirizano mpaka ndalamayo italowa mu akaunti ya koleji, popeza wothandiza amene bizinesi yake yagwa salipira fizi ya temu yachiwiri, ndipo wotsala ndi manyazi ndi kochi amene analonjeza.

Ngati wosewera akuchokera ku Malawi, kutsidya kwa malire a Mwami, ku Mchinji, ku Lilongwe kapena ku Blantyre, pali zina zoonjezera ngakhale tikulankhula chinenero chimodzi. Satifiketi yake ya MSCE ndi mapepala ake a koleji ayenera kutsimikiziridwa ndi Zambia Qualifications Authority, ayenera kupeza chilolezo chophunzirira m'dziko muno kuchokera ku Department of Immigration, ndipo mufunse a registrar ngati fizi ya ophunzira akunja ndi yosiyana ndi ya nzika. Ngati analembetsedwapo ku timu ya pansi pa bungwe la basketball la kwawo, malamulo a FIBA, bungwe la basketball la dziko lonse lapansi, amafuna kalata yomumasula yochokera ku bungwelo asanalembetsedwe m'dziko lina, ndipo kusamutsa wosewera wosakwana zaka 18 kuchoka dziko lina kupita lina n'koletsedwa kupatula pa zifukwa zapadera. Zonsezi zimatenga masabata, nthawi zina miyezi, choncho yambani temu imodzi yathunthu sizoni isanayambe.

Akafika, musamusiye kuti adzionere yekha. Pa temu yoyamba mupatseni mnzake wa m'timu wa m'kalasi imodzi naye woti amuthandize kupeza manotsi a zimene anaphonya, ndipo pakatha masabata anayi kapena asanu pitani nokha kwa aphunzitsi ake mukafunse ngati akulowa m'kalasi ndi mmene wachitira pa mayeso ang'onoang'ono. Pabwalo muyambe kumuika kuchokera pa benchi, mphindi zake zizikwera pamene akuonetsa kuti wamva mmene timu imatchingira. Temu ikatha, tengani pepala lija munalembapo chosowa cha timu ndi lina lija la ndalama, muyerekeze ndi zimene zachitikadi, ndipo zotsatira zake muzipereke kwa akuluakulu a koleji musanapemphe ndalama za wosamuka wina.